Binance kapena Bybit ikukana kulumikizana ndi app yanu ya bajeti? Yambirani apa

Funso ili likumabwera kawirikawiri kuno ku Mulanje makamaka kwa achinyamata amene amalipidwa mu USDT, coin ya crypto yoyendera limodzi ndi dola ya ku America, akagwira ntchito za pa intaneti, komanso ena amene abale awo a ku Joni masiku ano akumatumiza thandizo mu crypto, nde munthu wayika app ya bajeti pa foni kuti aziona ndalama zake zonse pamalo amodzi, za ku Mpamba, za ku Airtel Money, za kubanki ndi za ku exchange, kutanthauza msika wa crypto ngati Binance kapena Bybit, koma akadina pa connect kanthu kaja kakungozungulira osatha, pena ikulemba error ya manambala, pena yalumikizika ndithu koma ndalama zomwe ikuonetsa si zomwe muli nazo. Tiyeni tidutsemo mwandondomeko, ndipo ndinene pachiyambi pomwe kuti kulumikiza kwenikweniko ndi kophweka, chovuta chili pa manambala akabwera.

Choyamba, musanaononge bandulo, fufuzani ngati app yanuyo imatha nkomwe kuchita zimenezi. Ma app otchuka aja mumawaona pa YouTube ngati YNAB, Monarch Money ndi Quicken anapangidwira anthu a ku America, ndipo nthawi zambiri salumikizana okha ndi banki, amadutsira ku makampani apakati ngati Plaid amene amagwira ndi mabanki a ku America, Canada ndi ku Ulaya. National Bank, FDH kapena NBS simuzipezamo, Mpamba ndiye musayambe nkufufuza komwe. Ku mbali ya crypto mupezamo mwina Coinbase, ndipo mukaona dzina la Binance yang'anitsitsani chifukwa nthawi zambiri imakhala Binance.US, imeneyo ndi ya anthu okhala ku America ndipo ma akaunti ake ndi osiyana, email ndi pasiwedi yanu ya Binance wamba sizingalowe kumeneko ngakhale mutayesa mpaka mawa. Ndipo ngati vidiyo imene mukutsatira ikukuuzani za Mint, isiyeni, Mint inatsekedwa mu March 2024. YNAB nayo ili ndi vuto lake kwa ife, bajeti imodzi imayendera ndalama ya mtundu umodzi basi, pomwe munthu wa ku Limbuli kapena ku Muloza mthumba limodzi muli kwacha, muli meticais, pa foni pali USDT.

Nde njira imene ine ndimaona kuti imagwira ndi yogawa ntchito pawiri. Exchange muilumikize ku app imene ntchito yake ndi ya crypto yokha, monga Koinly, CoinStats kapena CoinTracker, zimenezi zimadziwa kuyankhulana ndi Binance, Bybit, OKX ndi ena. Kenako ku app ya bajeti mumangotsegula akaunti yolemba pamanja nkumalowetsa zomwe zachitika. Amene muli ndi laputopu yesani GnuCash, ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, kwacha yathu ilimo ngati MWK ndipo imalola ndalama zamitundumitundu mu buku limodzi. Maonekedwe ake ndi achikale zedi koma sinama.

Chachiwiri ndi kupanga API key. Apa ndi pomwe ambiri amachita mantha kapena amachita zinthu mosasamala, ziwiri zonsezo sizithandiza. App yabwino siikufunsani pasiwedi yanu ya exchange, imafuna makiyi apadera amene inu mumapanga nokha mkati mwa akaunti yanu. Pa Binance lowani pa browser, pa laputopu ndi bwino kuposa pa foni chifukwa pali zokopera zazitali, pitani pa Account kenako API Management, dinani Create API, sankhani System generated, ipatseni dzina loti mudzaikumbukire monga dzina la app imene mukulumikizayo. Ikufunsani ma code otsimikizira kuti ndinu. Ngati mumakhala kumene netiweki imavuta, kuseri kwa phiri kapena kumunsi uko ku Thekerani, code ya pa SMS imatha kufika itatha kale ntchito, nde ikani Google Authenticator, iyo imatulutsa manambala ngakhale foni ilibe netiweki. Akaunti ikhale yoti munaitsimikizira kale ndi chiphaso.

Ikatero ikupatsani zinthu ziwiri, API Key ndi Secret Key. Secret Key imaoneka kamodzi kokha, mukatseka tsambalo musanaikopere yapita, palibe koitenga, mungofufuta kiyi yonseyo nkupanga ina, si nkhani yodandaulitsa. Pa OKX ndi KuCoin pali chachitatu, passphrase, imeneyo mumapeka nokha nthawi yomwe mukupanga kiyi ndipo si pasiwedi yolowera mu akaunti ayi, anthu ambiri amalemba pasiwedi yawo pamenepo nkumadabwa kuti app ikukana.

Tsopano mvetserani pa ma permission. Pa Binance pakhale pochongedwa Enable Reading pokha. Pa Bybit sankhani Read-Only. Za trading zisiyeni, za withdrawals ndiye musayandikireko ngakhale app itanena kuti ikufuna. Kalaliki wa pa sikelo ya tiyi ntchito yake ndi kulemba makilo, sapatsidwa thumba kuti apite nalo kwawo, app ya bajeti nayo izingowerenga. Ena amati bola sindinalole withdrawals, trading ilibe vuto. Ilinalo. Mu December 2022 kampani ya 3Commas inavomera kuti ma API key a makasitomala ake anabedwa, ndipo akubawo sanafunike kutapa ndalama mwachindunji, ankagwiritsa ntchito makiyi a trading kugula tima coin tosadziwika pa mtengo wokwera kwambiri kuchokera kwa iwo eni, akaunti ya munthu nkutsala ndi zinyalala pomwe ndalama zenizeni zadutsa mbali inayo. Kiyi yongowerenga ikabedwa wakubayo angoona zomwe muli nazo, zomwenso si zabwino, koma sangasunthe kanthu.

App iliyonse ikhale ndi kiyi yake, kuti tsiku lomwe mwasiya kuigwiritsa ntchito mungofufuta kiyi yake yokhayo. Ndipo chonde musajambule screenshot ya Secret Key, musadzitumizire pa WhatsApp, musapangire izi pa kompyuta ya pa shopu yosindikizira mapepala ku Chitakale kapena ku Luchenza ngakhale mwini wake ndi mnzanu wa kusukulu, kompyuta imeneyo patsiku pamakhala anthu ambiri ndi ma flash awo.

Chachitatu, mwamata makiyi mu app ija nde yakana. Musafulumire kupanga kiyi ina, werengani kaye error yomwe yalemba chifukwa manambala ake amanena chomwe chavuta. Pa Binance, -2014 ndiye kuti kiyi yomwe mwamata siili bwino kalembedwe kake, nthawi zambiri pokopera pa foni mumatengera limodzi ndi space kumapeto kapena chilembo chimodzi chatsalira, gwiritsani ntchito kabatani ka copy osati kukoka ndi chala. -1022 ikunena za signature, pamenepo kaonenso Secret Key, kapena mwasinthanitsa, ya apa mwaika apo. Imene imazunza anthu kwambiri ndi -2015, imalemba kuti Invalid API-key, IP, or permissions for action, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi IP.

Nkhani ya IP ili chonchi. IP ndi nambala imene foni kapena kompyuta imadziwika nayo pa intaneti. Popanga kiyi exchange imakufunsani ngati mukufuna kuti kiyiyo izigwira kuchokera pa IP yodziwika yokha, nde munthu amapita pa Google nkufufuza IP ya foni yake nkuilemba pamenepo poganiza kuti wateteza. Koma amene akukagogoda ku Binance si foni yanu ayi, ndi ma server a app ija amene ali kunja uko, nde Binance ikuona mlendo nkumukaniza. Komanso IP ya pa data ya foni imasinthasintha, mukazimitsa data nkuyatsanso mwina yasintha kale. Ngati app yanu ili ndi mndandanda wa ma IP ake, imakhala itawalemba pa tsamba lomwe mukumata makiyi, koperani amenewo. Ngati ilibe, siyani pa Unrestricted, pa kiyi yongowerenga palibe choopsa kwambiri. Dziwani chabe kuti pa Bybit kiyi yopanda IP imafa yokha pakatha miyezi 3, nde zinthu zikamayenda bwino kenako mwadzidzidzi app yasiya kukoka zatsopano, kaoneni ngati kiyi siinathe.

-1021 ndi ya nthawi, ndipo imabwera kwa amene pulogalamu yawo ili pa laputopu yawo yomwe. Binance imafuna kuti wotchi ya kompyuta yanu isatsalire mmbuyo mwa yawo kupitirira masekondi 5 kapena kutsogola kupitirira sekondi imodzi. Ma laputopu a kaunjika awa ambiri kabatire ka wotchi kanatha kalekale, magetsi akazima batire nkuphwa, poyatsa wotchi yabwerera mmbuyo. Lowani mu settings, nthawi ikhale pa automatic, dinani Sync now. Pa foni naponso chimodzimodzi, amene mumakonda kupititsa wotchi patsogolo ndi mphindi zisanu kuti musamachedwe ku ntchito, Google Authenticator izikupatsani ma code amene exchange izingowakana, bwezani pa automatic.

Mukaona 429 ndiye kuti mwadinadina refresh mopitirira, siyani kaye mupite mukamwe tiyi, mukakakamira imasanduka 418 kutanthauza kuti akutsekerani IP, ndipo chilango chake chimayambira mphindi 2 mpaka masiku 3 kwa osamva. VPN nayo izimitseni, makamaka ngati yaloza ku America, Binance wamba siilola kulowera kumeneko.

Chachinayi, yalumikizika, koma ikuti muli ndi zero kapena theka la zomwe mukudziwa kuti muli nazo. Mtima usathamange, lowani mu Binance momwemo muone kuti ndalama zili thumba liti. Akaunti imodzi ili ndi matumba angapo, Spot, Funding, Earn, Futures. Zomwe mwagula pa P2P, kutanthauza kugula kwa munthu mnzanu kudzera pa exchange, kapena wina wakutumizirani pa Binance Pay zimafikira ku Funding, pomwe ma app ena amangowerenga Spot yokha. Mukafuna kutsimikiza samutsani USDT pang'ono kuchoka ku Funding kupita ku Spot, kusamutsa kwa mkati kotereku ndi kwaulere, kenako muone ngati app yaiona. Ngati munaika ndalama ku Earn, thumba lopatsa chiwongoladzanja, mutha kuona coin yachilendo yolembedwa LDUSDT kapena LDBTC, si coin ina ayi, ndi USDT yanu yomweyo imene ili ku Earn, ma app ena saidziwa nde amaipatsa mtengo wa zero, ena amaiwerengera kawiri. Mupite mu settings za app muiuze kuti LDUSDT ndi USDT, kapena muibise imodzi. Ndipo kukoka koyamba kumachedwa chifukwa Binance imafuna kuti app ifunse mbiri ya coin iliyonse payokhapayokha, isiyeni ngakhale usiku wonse, ntchitoyo ikuchitikira pa server yawo sikudya bandulo yanu.

Chachisanu, ngati API yakanika kapena mbiri yakale makamaka ya P2P siikubwera yonse, pali CSV, fayilo ya mndandanda wa zomwe munachita mu akaunti yanu. Pa Binance pitani ku Transaction History, pali kabatani ka export, sankhani miyezi yomwe mukufuna, imatenga kanthawi kuti ikonze fayiloyo kenako mumaidawuniloda, ndipo pali malire a kangati pa mwezi nde osamangopanga zoyeserera. Ma app a crypto aja amalandira fayiloyi mmene ilili. Musaitsegule mu Excel nkuisunganso musanailowetse, Excel imasintha madeti mwakachetechete, 03/04 imene inali 3 April nkusanduka March 4, komanso manambala aatali a tima coin imawadula. Mukafuna kusuzumira pangani kope ina.

Nthawi ya mu fayilo imeneyi ndi ya UTC, ife tili patsogolo ndi maola 2. Zomwe munachita 1 koloko usiku pa 1 July fayilo ilemba kuti zinachitika 11 koloko usiku pa 30 June, nde mwezi wa June uoneka ngati munaononga zambiri pomwe July wachepa. Mu app ya crypto ikani time zone ya Blantyre kapena Maputo, ndi imodzi. Chinanso, musalowetse CSV ya miyezi yomwe API inakoka kale, chilichonse chioneka kawiri nkumadziona ngati bwana pomwe mulibe. Sankhani, kuyambira deti lakuti kupita mtsogolo ndi API, mmbuyo ndi CSV.

Tsopano chachisanu ndi chimodzi, chomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa zonse zija, kwacha. Ma app onsewa akafuna kusintha USDT kukhala kwacha amatenga rate ya boma, ya kubanki, imene chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 nkusunthanso pang'ono mu 2024 inakhazikika cha pa K1,750 pa dola imodzi. Ngakhale mutalemba GOOGLEFINANCE mu Google Sheets ikupatsani yomweyo. Koma aliyense amene anagulapo USDT kwa munthu akudziwa kuti mtengo umene analipira si umenewo. Tiyerekeze kuti mwagula 100 USDT ndipo mwatumiza K400,000 pa Airtel Money. App ikuonetsani kuti muli ndi katundu wa K175,000, nde lipoti la mwezi likuuzani kuti K225,000 yasowa, pomwe palibe chasowa. Tsiku logulitsa zimatembenuka, app imaona ngati mwatola phindu lalikulu kuchokera kumwamba. Mukapanga bajeti ya fizi ya ana kapena ya feteleza potengera manambala amenewo mulira.

Nde chitani izi. Mu app ya bajeti tsegulani akaunti yapadera ya USDT, ngati app ilibe USDT gwiritsani ntchito USD popeza zimayendera limodzi, kenako fufuzani pomwe alemba exchange rate muzimitse automatic mulembe nokha. Mukagula USDT musalembe ngati expense, simunadye ndalamayo, yangosamuka, nde lembani ngati transfer kuchoka ku akaunti ya Airtel Money kupita ku akaunti ya USDT, mbali iyi K400,000 mbali inayo 100, app yabwino imakulolani kulemba manambala onse awiri nkuwerengera yokha rate ya tsikulo. Mu GnuCash mumayamba mwalowetsa USDT mu Security Editor, kenako mitengo mumalemba pamanja mu Price Database, kamodzi pa sabata nkokwanira. Amene mumagulitsa ku Milange mutsegulenso akaunti ya meticais mofanana, ndi rate yomwe mumasinthira pa boda osati ya pa Google.

Zomwe zili expense zenizeni ndi ma charge. Yotumizira pa Mpamba kapena Airtel Money, yotapira kwa agent, ndi fee imene exchange imadula mukamatumiza USDT kunja, mwachitsanzo pa TRC20, network ya Tron. Zimenezi zilembeni pazokha, muzipatse gulu lawo, pakatha miyezi ingapo mudzadabwa kuti tindalama timeneti tikamaunjikana timafika pati, ndipo mwina mudzasiya kutapa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ngati mwalipidwa ntchito mu USDT lembani income tsiku lomwe yafika, pa mtengo womwe mukanagulitsira tsiku limenelo, osadikira tsiku logulitsa nkulembanso income kachiwiri, pogulitsa ndi transfer chabe kubwerera ku kwacha. Apa mpomwe mabuku a anthu ambiri amasokonekera, ndalama imodzi yalowa kawiri.

Pa transfer iliyonse ya P2P, mu kabokosi ka note lembanimo order number ya ku exchange ndi transaction ID ya pa SMS ya mobile money. API siidziwa kuti kwacha inachokera kuti, imangoona USDT yatulukira, nde ulalo pakati pa ziwirizi ndinu. Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka mdziko muno, kutanthauza kuti zikavuta musayembekezere kuti akutetezani ngati mmene zimakhalira ndi ndalama za kubanki, ndipo banki ikadzakufunsani kuti ndalama zikulowa mu akaunti yanuzi zikuchokera kuti, manambala amenewa ndi omwe mudzaonetse.

Amene ndalama zanu zili mu Trust Wallet kapena wallet ina yanuyanu, kumeneko kulibe API key, ndipo nkophweka kuposa. Mumangokopera address yolandirira ndalama nkuimata mu app ya crypto ija. Ya USDT ya pa Tron imayamba ndi T, ya pa BNB Smart Chain ndi pa Ethereum imayamba ndi 0x, ndipo popeza 0x yomweyo imagwira pa ma network awiri onsewa muyenera kuiuza app kuti iyang'ane pati, apo ayi ikuonetsani zero. Mukakayika matani address yomweyo pa Tronscan kapena BscScan muone zomwe zilipo. Mawu 12 kapena 24 aja munalemba pa pepala potsegula wallet sakufunika pa ntchito imeneyi ngakhale pang'ono, app kapena tsamba lililonse lomwe likuwafuna kuti lichite sync ndi la akathyali. Chimodzimodzi aja amakupezani ku inbox pa Telegram kapena pa Facebook mukangolemba pa gulu kuti API yanga ikukana, ali ndi logo ya Binance pa chithunzi nkumati ndife a support titumizireni makiyi tikukonzereni, ablokeni, support yeniyeni mumaipeza nokha mkati mwa app.

Kumapeto kwa mwezi tsegulani exchange ndi app yanu pambalipambali mufananize kuchuluka kwa ma coin, osati mtengo wake mu kwacha kapena mu dola chifukwa umenewo umasiyana ndithu, koma ngati Binance ikuti 84.5 USDT buku lanu nalo linene 84.5. Zikasiyana ndi tochepa nthawi zambiri ndi fee yomwe simunalembe kapena chiwongoladzanja cha ku Earn chomwe chimalowa tsiku ndi tsiku, lembani mzere umodzi wokonzera basi. Muli pomwepo dutsaninso ku API Management mufufute makiyi a ma app omwe munangoyesa nkuwasiya, ndipo foni ikatayika kapena mukafuna kuigulitsa fufutani makiyi onse tsiku lomwelo mupange atsopano pa foni yatsopanoyo.